ZA M'CHIKHO: Mowa woyera wa ku Belgium, umene udaukitsidwa ndi wogulitsa mkaka

Munthu amene adazolowera 2M, Manica kapena Laurentina, atamuthirira m'tambula mowa woyera wa ku Belgium kwa nthawi yoyamba, akhoza kuubweza kwa mwini baraka nkumudandaulira kuti wamugulitsa mowa woonongeka. Serveja imene anthu ambiri amaidziwa ndi yosefedwa bwino, moti munthu amaona zala zake kuseri kwa tambula. Koma mowa uwu ndi wa mbuu ngati madzi otsukira mpunga, mtundu wake ndi wonga udzu wouma wa m'chilimwe, ndipo pansi pa botolo pamadikha nsenga. Fungo lakenso ndi lachilendo: muli malalanje, muli tizonunkhira tonga ta m'sitolo ya Amwenye, komanso kafungo ka buledi wongophula kumene.

Palibe choonongeka pamenepo, ndi mmene eni ake amaufunira. A ku Belgium olankhula chinenero cha Flemish amautcha witbier, olankhula Chifalansa amati bière blanche, ndipo maina onse awiriwa akutanthauza mowa woyera. Wotchuka kuposa onse ndi Hoegaarden, umene udatenga dzina la mudzi wina uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kuvuma kwa mzinda wa Brussels. M'mabaraka ambiri a ku Ulongwe kapena ku Domwe mowawu sudziwika, koma amene amayenda ku Johannesburg ndi kumizinda ina ikuluikulu amakumana nawo. Ndi mowa wa kumudzi umene udavala botolo, ndipo wougugudiza ngati madzi a paulendo amangotaya ndalama zake. Umafuna maso, mphuno ndi lilime. Komanso ndi bwino kuumwa modziwa kuti padali zaka zina pamene m'mudzi wa Hoegaarden mudalibe ndi mmodzi yemwe woufulula.

Zimene zili m'katimo

Serveja wamba imafululidwa ndi chimera cha barele, nthawi zina nkuonjezerapo chimanga kapena mpunga. Mowa woyera umasiyana pamenepa. Pafupifupi theka la mbewu zake ndi chimera cha barele, theka linalo ndi tirigu wosameretsa, wongophwanya ali wamuwisi. Ofulula ena amathiramo pang'ono mbewu ina yotchedwa oats kuti mowa ufewe m'kamwa. Tirigu ali ndi mapuloteni ambiri, ndipo tizidutswa take tosaoneka ndi maso timayandama m'mowa osamira. Pamwamba pa apo mowawu sausefa, kotero kuti yisiti imene idauwiritsa imatsalira momwemo. Zinthu ziwirizi, mapuloteni a tirigu ndi yisiti, ndizo zimaupatsa maonekedwe a mbuu aja. Mapuloteni omwewo ndi amene amachititsa kuti thovu lake likhale lochindikala ndi lochedwa kuphwa.

Kuwawa kumene anthu amakumva mu serveja kumachokera ku maluwa a chomera china choyanga chotchedwa hops. Mu mowa woyera amathiramo hops pang'ono chabe, motero suwawa kwenikweni. Chimene chimalamula ndi zonunkhiritsa ziwiri. Choyamba ndi njere za coentro, zomwe zija Amwenye amasinja nkuthira m'ndiwo. Njerezi zikaphwanyidwa zimatulutsa fungo longa la ndimu, losiyana kwambiri ndi la masamba ake. Chachiwiri ndi makoko ouma a lalanje lowawa la pa chilumba cha Curaçao, m'nyanja ya Caribbean. Anthu a ku Spain adapita ndi mbewu ya malalanje pa chilumbachi m'zaka za m'ma 1500, koma kaamba ka nthaka youma ya kumeneko zipatso zake zidasanduka zowawa, zosadyeka. Chidatsala chabwino ndi makoko, amene akauma amanunkhira kwambiri. Chilumbachi chidagwa m'manja mwa Adatchi mu 1634, ndipo amalonda awo ndiwo ankafikitsa zonunkhiritsa zotere m'madoko a ku Ulaya.

Zonunkhiritsazi amazithira kumapeto, pamene madzi a chimera atsala pang'ono kuphulidwa pamoto, kuopa kuti fungo lingathawe ndi nthunzi. Kuthira zitsamba m'mowa ndi mwambo wakale kwambiri ku Belgium. Hops asanafale, ofulula a kumeneko ankagwiritsa ntchito msanganizo wa zitsamba wotchedwa gruit. Ku Bavaria, m'dziko la Germany, lamulo la chaka cha 1516 lidaletsa kuthira china chilichonse mu mowa kupatula madzi, barele ndi hops. Lamulo lotero ku Belgium kudalibe, ndipo ofulula adapitiriza kuthira zimene zinkawakomera.

Nchifukwa chake mowa woyera wa ku Belgium usasokonezedwe ndi mowa wa tirigu wa ku Germany, wotchedwa Weissbier. Onse awiri ndi a mbuu, koma wa ku Germany amaufulula ndi tirigu womeretsa ndipo sathiramo chonunkhiritsa chilichonse. Fungo lake longa la nthochi yakupsa limachokera ku mtundu wa yisiti imene amagwiritsa ntchito. Munthu akanunkhiza tambula nkumva nthochi, adziwe kuti wagwira wa ku Germany. Akamva malalanje ndi coentro, ameneyo ndi wa ku Belgium kapena wofululidwa motsanzira wa kumeneko.

Kathiridwe ndi kalawidwe

Kukoma kwa mowawu kumayambira pa tambula. Ikhale yotsukidwa bwino, yopanda mafuta ndiponso yopanda fungo la sopo, chifukwa mafuta ndi mdani wa thovu. Ngakhale milomo ya munthu amene wangodya kumene nyama yonona imaphwetsa thovu m'kanthawi kochepa. Hoegaarden ili ndi tambula yakeyake, yochindikala, yotambalala kukamwa, ya mbali zisanu ndi imodzi. Kuchindikalako kumateteza mowa kuti usafunde msanga ndi kutentha kwa dzanja. Koma amene alibe tambula yotere asadandaule, iliyonse yotambalala kukamwa ikwanira. Choipa ndi kumwera m'botolo, popeza mphuno imatsala kunja ndipo theka la kukoma limatayika.

Mowawu uzizire, koma usachite kuuma ndi chisanu. Madigiri a pakati pa 4 ndi 7 ndi okwanira. Mowa wozizira mopitirira muyeso umachititsa dzanzi lilime, ndipo fungo limakhala lotsekeredwa. Pothira, tambula aipendeketse ndipo mowa utsike pang'onopang'ono m'mbali mwake, mpaka magawo awiri mwa atatu a botolo atalowa. Akatero aime. Botolo lija alizunguze modekha kuti nsenga za pansi zisakanikirane ndi mowa wotsalawo, kenaka athire wonsewo pakati pa tambula itaima chilili. Pamenepo mtambo woyera umatsika m'tambula, ndipo pamwamba pamakhala thovu lokwana zala ziwiri. Wosiya nsengazo m'botolo ali ngati munthu wodya ndiwo nkusiya msuzi m'mbale.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Asanamwe, munthu ayang'ane kaye. Mowa woyera wabwino umakhala wotuwa mopita ku chikasu, ndipo thovu lake limakhala loyera ngati ufa woyera. Ukaoneka woderako ngati tiyi, kawirikawiri ndiye kuti wakhalitsa. Kenaka abweretse tambula pamphuno nkukoka mpweya pang'onopang'ono, kawiri kapena katatu. Choyamba kufika ndi malalanje. Pambuyo pake pamabwera coentro, ndi kafungo kake kopita ku ndimu ndi tsabola wakutali. Pansi pa zonsezi pali fungo la tirigu, longa la mtanda wa buledi usanalowe mu uvuni. Amene akukayika kuti mphuno ili ndi gawo pa kulawa ayese kutsina mphuno yake pomwa. Adzapeza malalanje onse atasowa.

Kumwa koyamba kukhale kochepa, ndipo mowa ukhale m'kamwa kamphindi usanamezedwe. Choyamba kumveka ndi kutsekemera kwapatali kwa mbewu. Kenaka pamabwera kuwawasa pang'ono, konga kwa thobwa logona usiku umodzi. Mpweya wa m'mowawu ndi wambiri ndipo umathetheka pa lilime, komabe mowa weniweniwo ndi wofewa, woterera pakhosi. Ukamezedwa sutsalira m'kamwa ngati uchi, umachoka msanga nkusiya kafungo ka makoko a lalanje kobwerera kumphuno. Nchifukwa chake umathetsa ludzu nyengo yotentha. Wodekha amaonanso kuti tambula ikafika pakati, mowa utafundako pang'ono, fungo limatseguka kuposa poyamba. Wogugudiza safika pamenepo.

Kulawa kumathandizanso kuzindikira mowa umene waonongekadi. Mowa woyera suchedwa kukalamba, ndipo fungo la zonunkhiritsa ndilo limayamba kuthawa. Wokhalitsa umamveka ngati katoni yonyowa. Umene udasiyidwa padzuwa umanunkha ngati kanyimbi, chifukwa kuwala kumaononga hops, ndipo ichi nchifukwa chake ofulula ambiri amakonda mabotolo oderapo. Umene wofulula adachulutsa coentro umamveka ngati sopo. Tsono wogula ayambe wawerenga tsiku lolembedwa pa botolo, makamaka kumalo otentha ngati mu mzinda wa Tete, kumene katundu wochokera kutali amatha kukhala masabata ambiri m'nyumba yotentha ngati ng'anjo. Botolo alisunge choimika, pamalo ozizira ndi amdima.

M'mabala ena amaika kachidutswa ka lalanje kapena ndimu pamlomo pa tambula. Chizolowezi cha lalanje chidafala kwambiri ku America ndi mowa wotchedwa Blue Moon, umene udayamba kufululidwa mu mzinda wa Denver mu 1995 motsanzira wa ku Belgium. Si mlandu kutero, koma wolawa koyamba ndi bwino achotse kachidutswako, kuti amve kaye zimene wofulula adaikamo. Madzi a chipatso amaphimba fungo la coentro, ndipo mafuta a m'khoko lake amaphwetsa thovu.

Ndiwo zake ndi muyeso wake

Ku Belgium mowa woyera umayenda ndi zakudya zopepuka. Chotchuka ndi nkhono za m'nyanja zimene Apwitikizi amati mexilhão, zodyera pamodzi ndi tchipisi, ndipo ophika ena amathira mowa womwewo mumphika pophika nkhonozo. Umagwirizananso ndi nsomba, mazira, masamba osaphika ndi tchizi chofewa. Lamulo lake ndi losavuta: chakudya chimene chimakoma chikafinyiridwa ndimu chimakomanso ndi mowa woyera. Motero pende wowotcha wa ku Cahora Bassa, chambo cha m'nyanja ya Niassa kapena nkhuku ya piripiri ndi anzake abwino. Poti suwawa kwambiri, suonjezera moto wa tsabola m'kamwa. Koma nyama ya mbuzi yonona kapena ya ng'ombe ya msuzi wambiri imaugonjetsa, mowa nkumveka ngati madzi.

Kufewa kwa mowawu kusapusitse munthu. Mphamvu ya mowa woyera imakhala pakati pa maperesenti 4.5 ndi 5.5, ndipo Hoegaarden ili ndi maperesenti 4.9. Botolo limodzi la mamililita 330 lili ndi magalamu pafupifupi 13 a chinthu choledzeretsa chija, chimodzimodzi ndi serveja ina iliyonse ya msinkhu womwewo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Poti sukanda pakhosi, munthu amatha kudutsa muyeso asakudziwa. Lilime nalonso limatopa, ndipo pofika botolo lachitatu malalanje ndi coentro sizimvekanso, chotsala ndi kuledzera basi. Lamulo la dziko la Mozambique sililola kugulitsa mowa kwa ana osakwana zaka 18. Mayi woyembekezera, munthu woyendetsa galimoto kapena njinga yamoto, ndi amene thupi lake limadana ndi tirigu, mowawu si wawo. Ndipo popeza ndi katundu wochokera kunja, mtengo wake ndi wokwera. Ndalama ya feteleza kapena ya makope a ana isathere m'tambula ya mbali zisanu ndi imodzi.

Mmene udafera

Pa botolo la Hoegaarden pamalembedwa chaka cha 1445, chimene kampani imati ndi pamene amonke a m'deralo adayamba kufulula mowa wa tirigu. Dera limeneli lili ndi nthaka yachonde, ndipo alimi ake akhala akulima tirigu ndi barele kuyambira kalekale. Mudziwu udalinso ndi mwayi wina. Ngakhale udazunguliridwa ndi dziko la Brabant, unkalamulidwa ndi bishopu wa ku Liège, motero ofulula ake sankalipira misonkho ina imene anzawo oyandikana nawo ankalipira. Malonda adakula, ndipo m'zaka za m'ma 1700 kamudzi kameneka kadali ndi nyumba zofululira mowa zopitirira 30. Mzinda woyandikana nawo wa Leuven udalinso ndi mowa wake woyera.

Mowa wa masiku amenewo udali wowawasa kuposa wa lero. Munkalowa tizilombo tija timasasitsa mkaka, ndipo unkayenera kumwedwa msanga usanasase. Apa amayi ofulula mowa wa masese ku Angonia akhoza kuuzindikira ngati mbale wake wa mowa wawo: wa mbewu za m'munda mwa eni ake, wosasefa kwenikweni, wowawasa pang'ono, wosayenda ulendo wautali.

Chidaupha ndi mowa woonekera m'kati. Mu 1842, mu mzinda wa Plzeň, m'dziko limene lero ndi Czech Republic, mudafululidwa mowa wagolide wosefedwa bwino, kholo la serveja zambiri za masiku ano. Mowa wa mtundu umenewu unkasungika nthawi yaitali, unkayenda pa sitima osaonongeka, ndipo unkaoneka bwino m'matambula agalasi amene adayamba kutsika mtengo. Mafakitale akuluakulu adaugwira ndi manja awiri. Ku Leuven komweko, Stella Artois idatuluka mu 1926. Achinyamata adayamba kuona mowa wa mbuu ngati wa agogo, wa alimi osatsogola. Nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse zidagwetsanso nyumba zambiri zing'onozing'ono zofululira mowa. Ku Hoegaarden zidatsekedwa imodziimodzi, mpaka mu 1957 yotsiriza, ya banja la Tomsin, idazimitsa moto. Panalibe lamulo loletsa mowawu. Anthu adangosiya kuuitanitsa, ndipo ofulula adakalamba popanda wowalowa m'malo.

Mmene udaukira

Pafupi ndi nyumba ya Tomsin pankakhala banja lina loweta ng'ombe za mkaka. Mwana wa m'banjamo, Pierre Celis, adabadwa mu 1925, ndipo ali mnyamata ankapita kukathandiza ntchito kwa mnansi wawoyo. Adaona kaphwanyidwe ka tirigu, kavundulidwe ka phala lake, ndi nthawi imene mowa umati wapsa. Atakula adakhala wogulitsa mkaka. Zaka zitapita, iye ndi anzake ankadandaula kuti mowa wa kwawo udasowa, koma mwa onse odandaulawo amene adali ataimapo pambali pa mphika adali iye. Mu 1965 adayamba kuyesera pakhomo pawo pomwepo ndi ziwiya zakale, ndipo mu 1966 adayamba kugulitsa. Apa nkuti ali ndi zaka 40 zakubadwa, ndipo mowa woyera utasowa m'mudzimo kwa zaka pafupifupi 9.

Mowa wa Celis sudali ndendende ngati wakale uja. Udali wosawawasa kwambiri ndipo unkasungika nthawi yotalikirapo. Koma tirigu wamuwisi, maonekedwe a mbuu, coentro ndi makoko a lalanje zidalimo. Mawu a akulu akoma akagonera: ana a anthu omwe aja adaunyoza ndiwo adayamba kuufunafuna, makamaka ophunzira a pa yunivesite ya ku Leuven. Malonda atakula, Celis adasamukira kumalo okulirapo m'mudzi momwemo ndipo fakitale yake adaitcha De Kluis. Ofulula ena ataona zimenezi adayambanso kufulula mowa wawo woyera, ndipo lero ku Belgium kuli maina monga Blanche de Namur, Blanche de Bruxelles ndi St. Bernardus Wit.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mu 1985 moto udaononga fakitale ya De Kluis, ndipo ndalama za inshuwalansi zidali zosakwanira kumanganso. Kampani ya Artois ya ku Leuven idathandiza ndi ndalama nkutenga gawo la umwini. Patapita zaka zochepa Celis adagulitsa gawo lake lotsala kwa Interbrew, kampani yaikulu imene idabadwa Artois itaphatikizana ndi inzake. Munthu wina akadapuma pamenepo, koma iye, ali ndi zaka zopitirira 65, adasamukira ku Austin, m'chigawo cha Texas ku America, ndipo mu 1992 adatsegula fakitale ina nkuyamba kufulula Celis White. Kumeneko ndiko Amereka ambiri adalawira mowa woyera koyamba, ndipo pofika 1995 kudatuluka Blue Moon uja ndi Allagash White wa ku Portland, m'chigawo cha Maine. Fakitale ya ku Austin idagwa m'manja mwa kampani ya Miller, imene idaitseka patangopita zaka zochepa. Celis adamwalira mu Epulo 2011, ndipo mu 2017 mwana wake wamkazi adatsegulanso fakitale ya dzina la bambo ake mu mzinda womwewo.

Mudzi wa Hoegaarden udatsala pang'ono kuluzanso mowa wake kachiwiri. Mu Novembala 2005 kampani ya InBev, imene idalowa m'malo mwa Interbrew, idalengeza kuti ntchito yofulula mowawu isamukira ku fakitale yake yaikulu ya ku Jupille, pafupi ndi Liège. Ulendo uno anthu sadakhale chete monga mu 1957. Antchito ndi eni mudzi adachita zionetsero, nkumafunsa kuti mowa wotchedwa Hoegaarden ungafululidwe bwanji kwina. Ku Jupille nako ntchito siidayende monga akuluakulu a kampani ankayembekezera, ndipo mu Seputembala 2007 adabweza ganizo lawo. Kampani yomweyi idakula nkukhala AB InBev mu 2008, ndipo mu 2016 idagula SABMiller. Kuyambira pamenepo Cervejas de Moçambique, imene imafulula 2M, Manica ndi Laurentina, idalowa m'banja limodzi ndi Hoegaarden.

Chotsalira m'kamwa

Mu 2016 bungwe la UNESCO lidalemba mwambo wa mowa wa ku Belgium m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. M'kaundula yemweyo muli Gule Wamkulu wa Achewa a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia, ndi timbila za Achopi. Chimene chidalembedwa ndi luso la ofulula, kathiridwe, kalawidwe, ndi kupatsirana nzeru zimenezi kuchokera kwa akulu kupita kwa ana. Zotere sizisungidwa m'nkhokwe. Zimakhala m'manja ndi m'mphuno mwa anthu, ndipo anthuwo akapita osasiyira wina, zimapita nawo.

Mbewu yofululira mowa wabwino siyenera kuchita kuchokera kutsidya kwa nyanja. Alimi a ku Tsangano amalima tirigu m'mapiri awo ozizira. Mu 2011 dziko la Mozambique lidatulutsa Impala, serveja ya m'botolo yofululidwa ndi chinangwa cha alimi a ku Nampula. Ndipo m'midzi ya ku Angonia mudakali amayi odziwa kumeretsa chimera cha mawere, odziwa tsiku lothira chimeracho m'phala, ongonunkhiza mbiya nkudziwa kuti mowa upsa mawa. Ambiri mwa iwo ndi achikulire. Anyamata ochuluka lero amathamangira tizakumwa taukali totchipa ta m'timabotolo, timene tilibe fungo loti munthu nkulikumbukira, ndipo mowa wa m'chipanda amauona ngati wa agogo. Ndi mawu omwewo amene ankanenedwa ku Hoegaarden chisanafike chaka cha 1957.

Amene adzapeze mwayi wogwira tambula ya mowa woyera wa ku Belgium auzunguze botolo, anunkhize, amwe modekha, ndipo alekere pa limodzi kapena awiri. Akamva malalanje ndi tirigu zikubwerera kumphuno, akumbukire kuti kukoma kumeneko kudapulumuka chifukwa mnyamata mmodzi wa pa khola la ng'ombe ankakonda kupita kwa mnansi wake kukathandiza kuvundula mphika. Mabuku sakadaupulumutsa, ndalama za makampani zidabwera pambuyo. Kumene agogo akufulula sabata ino, ndi bwino pakhale mdzukulu wosonkhezera moto ndi wofunsa mafunso.